Kutchuna modelo ya mvula ndi mtsinje ku Dzalanyama: njira iti ikuyenera ntchito yanu?

Madzi amene mwatunga pampopi m'mawa uno, kaya ku Kawale, ku Chilinde kapena ku Area 47, anayamba ngati mvula pamapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Itagwa mvulayo, madzi ena anatsakamira m'masamba n'kuuma pomwepo, ena analowa m'nthaka, ena anathamangira m'makwawa, ndipo amene anapulumuka anatsika ndi mtsinje wa Lilongwe mpaka kukaima pamadamu a Kamuzu ku Malingunde. Damu loyamba ndi la mu 1966, lachiwiri la mu 1989. Aliyense wogwira ntchito za madzi mumzinda uno wa Lilongwe amakumana ndi funso limodzimodzi: mvula ikagwa yochuluka mwakuti, mumtsinje mudutsa madzi ochuluka bwanji, ndipo afika liti?

Poyankha timagwiritsa ntchito modelo, omwe ndi masamu oikidwa mu kompyuta otsanzira ulendo wa madziwo. Mkati mwake muli ngati ndowa zosanjikizana: ya masamba, ya nthaka ya pamwamba, ya madzi a pansi. Ndowa iliyonse ili ndi kukula kwake komanso kabowo kake kodonthera. Manambala ofotokoza kukula ndi kudonthako ndiwo maparamita, ndipo ambiri mwa iwo simungawayeze ndi tepi kapena sikelo. Mumachita kuwasuntha pang'onopang'ono mpaka madzi a mu kompyuta afanane ndi omwe anayezedwa pamtsinje. Pachingerezi amati calibration. Ife timangoti kutchuna, monga timachitira ndi wailesi ikamalira phokoso.

Ophunzira akandipeza amafuna ndiwauze njira yotchunira "yamphamvu kuposa zonse". Ndimawakhumudwitsa. Pa nkhalango ngati ya Dzalanyama, njira imene ikupatsani mzere umodzi wokongola ndi imene ndimaiopa kwambiri, ndipo chifukwa chake chili m'manambala amene timalowetsa mu kompyutamo.

Zimene muli nazo m'manja

Tiyambe ndi mvula. Ya kuno ndi yamabingu, yosankha malo: ikhoza kukhuthuka ku Likuni, ku Biwi anthu akuyanika zovala. Zoyezera mvula zokhala ndi kaundula wa zaka zambiri, monga cha ku Chitedze ndi cha ku bwalo la ndege la Kamuzu, zili kuchidikha, pomwe madzi ambiri a mtsinje amabadwira kumapiri kumene mvula imagwa yoposa ya m'tauni. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti nkhani imveke. Dera lilandire mamilimita 1,000 pachaka, mtsinje utulutse 150. Mukaphonya mvula ndi mamilimita 100 okha, cholakwacho n'chofanana ndi magawo awiri mwa atatu a madzi onse amene mukufuna kulosera. Modelo siikana. Imalandira bodzalo, kenaka pakutchuna imapotoza maparamita ake kuti bodza libisike.

Mvula yoyezedwa ndi masetilaiti imathandizako. CHIRPS imayambira mu 1981 ndipo imagawa dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 5. TAMSAT ya ku University of Reading imayambira mu 1983. Zimakuuzani kumene kunagwa mvula, koma chimvula cha tsiku limodzi zimakonda kuchichepetsa, choncho muziyamba mwaziyerekeza ndi choyezera cha pansi musanazikhulupirire.

Kumtsinje nako si kwabwino kwenikweni. Pamalo ambiri chimene chimayezedwa ndi msinkhu wa madzi pa geji, ndodo yolembedwa manambala ija imene munthu amakawerenga kamodzi kapena kawiri patsiku. Madzi akasefukira pakati pa usiku n'kuphwa kusanache, kaundula sadziwa. Msinkhuwo amausandutsa kuchuluka kwa madzi pogwiritsa ntchito mzere wotchedwa rating curve, womwe umapangidwa ndi miyeso yeniyeni ya mumtsinje. Koma ndani amalowa mumtsinje wa Lilongwe ndi chipangizo choyezera pamene wakwiya mu Febuluwale? Miyeso yambiri ndi ya madzi ochepa ndi apakatikati, ndipo kumtunda kwa mzerewo n'kongokokera ndi pensulo. Onjezanipo mchenga umene umadzaza pansi pa mtsinje chaka chino, anthu n'kuufukula chaka chamawa: msinkhu womwewo sutanthauzanso madzi omwewo.

Ndiye pali nkhalangoyo. Dzalanyama inatetezedwa mu 1922, ndi ya mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo ndi ya miombo: mombo, tsamba, masuku ndi anzake. Mitengo imeneyi imayoyola masamba m'chilimwe, koma cha mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanadonthe n'komwe, imaphuka masamba ofiira aja. Ndiye kuti mizu yake ikumwa madzi akuya pa nthawi imene modelo yopangidwira kumayiko ozizira ikuganiza kuti mitengo ili mtulo. Modelo yotchedwa SWAT, mwachitsanzo, inapangidwa ku America, ndipo mukaisiya mmene inabwerera imagoneka mitengo potengera kufupika kwa tsiku. N'chifukwa chake ena anaikonzanso kuti igwirizane ndi mayiko otentha, n'kuitcha SWAT-T. Pali moto wa m'tchire umene umanyeketsa zinyalala za pansi, moti chizimalupsa chimagwera panthaka yambee. Pali madambo, amene amasunga madzi m'dzinja koma udzu wake umawamwanso kwambiri. Pamwamba pa zonsezi pali makala. Kudula kunafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Pamapu mtsinje ndi womwewo, koma chinkhupule chake chinasintha, ndipo maparamita otchunidwa ndi madzi a m'ma 1980 akufotokoza nkhalango imene mbali ina inapita kale m'matumba pa njinga.

Apa ndipatukeko pang'ono. Timakonda kunena kuti kudula mitengo kumaumitsa mitsinje, koma nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mu 1982 Bosch ndi Hewlett anasonkhanitsa zotsatira za madera 94 oyeserera ndipo anapeza kuti nkhalango ikachepa, madzi a chaka chonse mumtsinje nthawi zambiri amachuluka, poti mitengo imamwa. Chimene chimatipweteka kuno n'chakuti nthaka ikagumuka n'kulimba, madziwo amathawa onse m'dzinja, ali ndi matope, ndipo a mu Okutobala amasowa. Modelo imene yalondola madzi a chaka chonse koma yaphonya nthawi yake sinakuthandizeni.

Kutchuna pamanja

Iyi ndi njira ya makolo pa ntchitoyi. Mumasintha paramita imodzi, n'kuyendetsa modelo, n'kuyang'ana mizere iwiri pa sikirini. Imayenda bwino ndi mamodelo aang'ono: GR4J ya ku France ya mu 2003, yomwe ili ndi maparamita 4 okha, HBV ya ku Sweden ya m'ma 1970, kapena ya Pitman ya ku South Africa ya mu 1973, yowerengera mwezi ndi mwezi, imene yagwira ntchito kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa. Dongosolo lake n'lakale koma silinaguge. Yambani ndi madzi a chaka chonse kuti akwane. Kenaka onani mmene mtsinje umaphwera kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala. Za kusefukira muthere nazo.

Phindu lake ndi lakuti mumaidziwa modelo yanu ngati mlimi adziwira ng'ombe yake, komanso zolakwa za m'kaundula zimaonekera: tsiku limene mtsinje unakwera popanda mvula, kapena sabata imene mvula inalembedwa pamwezi wolakwika. Kuipa kwake, anthu awiri akatchuna amapeza mayankho awiri, ndipo palibe angabwereze ndendende zimene munachita. Sikupatsaninso malire a chikayiko. Pa SWAT yokhala ndi maparamita 20 mudzakalamba muli pampando. Musailumphe, koma musathere pomwepo.

Kusiyira makina afufuze okha

Mu 1992 Duan, Sorooshian ndi Gupta a ku Arizona anatulutsa njira yotchedwa SCE-UA. Imamwaza magulu ambiri a maparamita, n'kuwagawa m'timagulu, kagulu kalikonse kamafufuza kumbali kwake, kenaka onse amasakanizidwa n'kugawidwanso, mpaka atasonkhana pamalo amodzi opambana. Pa GR4J imatha mphindi zochepa pa laputopu wamba, ndipo mnzanu akabwereza amafika pafupifupi pomwe munafika. Zida zake zilipo zaulere: pulogalamu ya SPOTPY, ya m'chinenero cha kompyuta cha Python, ili nayo, ndipo ya airGR, ya m'chinenero cha R, ili ndi njira yakeyake yofufuzira.

Vuto lake ndi kumvera. Mukaiuza kuti ikweze nambala inayake, ikweza basi, ngakhale kudzera njira ya misala. Ndinaziona ndekha ndili wongoyamba kumene. Ndinasiya makina akufufuza usiku, m'mawa ndinapeza mizere itagonana bwinobwino, ndinatsala pang'ono kutumiza lipoti. Mkulu wina amene ndinkagwira naye ntchito anangofunsa kuti, "Kodi ndowa yanu ya m'nthakayi ndi yakuya bwanji?" Nditayang'ana, inali yosunga madzi oposa amene nthaka ya dera limenelo ingasunge, ndipo paramita ina inkataya madzi ambirimbiri kupita pansi kosadziwika. Titafukula, tinapeza kuti mvula imene ndinalowetsa inali yochuluka kuposa yoyenera. Makina anali atangopeza kotayira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso china chozama. Munthu akanyamuka ku Old Town n'kufika ku Area 25 patatha mphindi 40, simungadziwe ngati anadzera ku Kanengo kapena ku Area 49 pongoona nthawi imene wafika. Chimodzimodzi, magulu ambiri a maparamita osiyana kotheratu amatha kutulutsa madzi ofanana pa geji. Limodzi likuti mitengo imamwa kwambiri, nthaka imasunga pang'ono. Lina likuti nthaka imasunga kwambiri, madzi amadontha msanga. Keith Beven amachitcha chimenechi equifinality. Pamene nkhalango ili chimodzimodzi, kusiyanako sikupweteka. Mukangofunsa kuti "nanga theka la mitengo likachoka?", magulu aja amayankha zosiyana, ndipo inu mwanyamula limodzi lokha.

Muyeso umene mukuthamangitsa

Musanapite patsogolo, dziwani kuti njira zonse za makina zimadalira nambala imene mwasankha ngati chigoli. Yotchuka ndi NSE ya Nash ndi Sutcliffe ya mu 1970. Ikakhala 1 ndiye kuti zonse zalondola. Ikakhala 0 modelo yanu siikuposa munthu wongotchula avereji tsiku lililonse. Ambiri amati ikadutsa 0.5 zili bwino. Koma kuno, kumene dzinja ndi chilimwe n'zosiyana ngati usana ndi usiku, modelo yongodziwa kuti Januwale ndi wonyowa ndipo Seputembala ndi wouma imapeza NSE yooneka bwino, makamaka pa manambala a pamwezi. Yesani kaye kulosera ndi avereji ya mwezi uliwonse, muone ngati modelo yanu ikuposa zimenezo. Komanso NSE imachulukitsa cholakwa ndi chokha, kotero masiku ochepa osefukira ndi amene amalamula, omwenso ndi masiku amene rating curve inali yongokokera.

KGE ya Gupta ndi anzake ya mu 2009 imagawa nkhaniyi patatu: ngati mizere ikukwera ndi kutsika limodzi, ngati kusinthasintha kwake n'kofanana, ndiponso ngati madzi onse akukwana. Ndimaikonda chifukwa imakuuzani pamene pakudwala. Chenjerani pokha kuti 0 wa KGE si 0 wa NSE: wongotchula avereji amapeza pafupifupi -0.41. Ngati nkhawa yanu ndi madzi a m'chilimwe olowa m'damu, werengani NSE pa log ya madzi (masamu ofinya manambala aakulu), kuti madzi ochepa nawonso akhale ndi mawu.

GLUE: kuvomereza kuti njira n'zambiri

Beven ndi Binley a ku Lancaster anaitulutsa mu 1992, chaka chomwecho cha SCE-UA, koma ndi maganizo otembenuka. M'malo mofuna gulu limodzi lopambana, mumapereka malire a paramita iliyonse, kompyuta n'kutola magulu mwachisawawa, 10,000 kapena 100,000, n'kuwayendetsa onse. Amene alephera muyeso umene mwaika mumataya. Otsala onse mumawasunga, aliyense ndi kulemera kwake molingana ndi mmene wakhozera, ndipo kuchokera mwa iwo mumajambula lamba: mzere wa pansi pa 5 peresenti ndi wa pamwamba pa 95. Yankho lanu silikhalanso "madzi adzakhala mwakuti" koma "adzakhala pakati pa apa ndi apa".

Imandikomera pa zifukwa zingapo. N'yosavuta kumvetsa, moti mungaifotokoze pamsonkhano anthu osagona. Siifuna kuti mulumbire za mtundu wa zolakwa zanu. Magetsi akathima pakati, simunataye kanthu, poti kuyendetsa kulikonse n'kodziimira pakokha. Mumangopitiriza pamene munalekera, kapena kugawa ntchito pa malaputopu atatu a anzanu. Ndipo mukajambula paramita iliyonse pambali pa chigoli chake, mumaona ndi maso kuti ndi iti imene kaundula wanu akuidziwa, ndi iti imene yangomwazika ngati mapira. Yomwazikayo musaitchule mu lipoti ngati chinthu chimene mwapeza.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si yaing'ono. Malire otayira aja mumaika ndinu. Mukati 0.5, lamba atakata, mukati 0.7, apapatiza. Ndiye 95 peresenti yanuyo si 95 peresenti ya masamu enieni a mwayi, ndi chithunzi cha zosankha zanu. Beven mwiniwake mu 2006 anapereka njira yochepetsera vutoli, imene ndikuona kuti ikutiyenera kuno: musanayendetse modelo, lembani malire a chikayiko pa muyeso uliwonse wa mtsinje. Madzi apakatikati, amene anayezedwadi, apatseni malire opapatiza. Osefukira apatseni otakata. Modelo yovomerezeka ndi imene ikudutsa m'kati mwa malirewo. Zikatero muyeso wotayira uchokera ku geji, osati kumtima kwanu. Nthawi zina palibe gulu ndi limodzi lomwe limene limadutsa. Zimawawa, koma mwaphunzira kuti modelo kapena mvula yanu ili ndi vuto, chinthu chimene SCE-UA sikanakuuzani. Kuipa kwina n'kwakuti maparamita akachuluka, kutola mwachisawawa kumawononga nthawi: magulu ambiri amagwera kutchire.

SUFI-2

Amene ali pa SWAT ambiri amafikira pa njira yotchunira imeneyi, chifukwa ili mu pulogalamu ya SWAT-CUP ya Karim Abbaspour. Mumayendetsa kangapo, kawirikawiri maulendo mazana angapo pa gawo lililonse, malire a maparamita n'kumapapatiza. Imakupatsani manambala awiri: p-factor, gawo la miyeso limene lagwera m'kati mwa lamba, ndi r-factor, kutakata kwa lambayo. Pa madzi a mumtsinje amalangiza p-factor yoposa 0.7 ndi r-factor yosafika 1.5. Imasunga nthawi, ndipo pa modelo yolemera zimenezo n'zofunika. Chimene ndimadandaula nacho ndi mmene anthu amaigwiritsira ntchito: kudina batani mobwerezabwereza, kulandira malire atsopano osawayang'ana, mpaka paramita ya madzi othamanga pamwamba (CN2) ya nkhalango ikufanana ndi ya msewu wa tala. Chikayiko chonse, cha mvula, cha geji, cha modelo, imachikankhira m'maparamita. Pa gawo lililonse imani, mudzifunse ngati malirewo angapezekedi m'nthaka ya Dzalanyama.

Njira za Bayes

Pa njira izi, zomwe zimagwiritsa ntchito masamu a mwayi, DREAM ya Jasper Vrugt ndi anzake, imene inatuluka cha mu 2008, ndi imene imatchulidwa kwambiri. Imayendetsa maunyolo angapo ofufuza nthawi imodzi, akuphunzirana, mpaka atajambula mwayi weniweni wa paramita iliyonse. Pa masamu ndi yaukhondo kuposa zonse, ndipo siitaya nthawi kutchire monga GLUE. Koma imafuna malumbiro. Muyenera kulemba mmene zolakwa zanu zimakhalira, ndipo chosavuta kulemba n'chakuti cholakwa cha lero sichikhudzana ndi cha dzulo, komanso kukula kwake n'kofanana chaka chonse. Pamtsinje zonse ziwiri n'zabodza. Modelo ikaphonya lero imaphonyanso mawa, ndipo imaphonya kwambiri m'dzinja kuposa m'chilimwe. Mukalumbira zabodzazo, DREAM imakupatsani malire a maparamita opyapyala ngati ulusi, ooneka otsimikizika, koma olakwika. Pali njira zokonzera, ngakhale zopatsa mvula ya mkuntho uliwonse chochulukitsira chake, monga imachitira BATEA ya Kavetski ndi anzake. Zimafuna kaundula wabwino ndi munthu wodziwa kuyeza zolakwa zotsalira pambuyo pake. Ngati mukuchita digiri yapamwamba ndipo muli ndi dera laling'ono loyezedwa bwino, yesani. Pa kaundula wong'ambika miyezi ndi miyezi, kuli ngati kuyeza thumba la chimanga lobooka pa sikelo ya golide.

Mayeso amene ambiri amawathawa

Njira iliyonse imene mwasankha, mudzagawa zaka zanu pawiri: zina zotchunira, zina zoyesera. Ambiri amangodula pakati. Vit Klemeš mu 1986 anati zimenezo sizikwanira ngati mukufuna kulosera nyengo yosiyana ndi imene munatchunira. Tchunani pa zaka zamvula, muyese pa zaka zachilala, kenaka mutembenuze. Zaka zoyesera tili nazo: chilala cha 1991/92, cha 2015/16 chimene chinachititsa kuti mu 2016 madzi mumzinda uno azigawidwa mosinthana, ndi cha 2023/24. Kumbali ya kusefukira, anthu a ku Mtandire sanaiwale zimene Lingadzi inachita mu Febuluwale 2017, ngakhale kuti uwo ndi mtsinje wodutsa m'minda ndi m'tauni, ndipo maparamita ake musawasakanize ndi a m'nkhalango.

Pa Dzalanyama onjezani mayeso ena: tchunani zaka zakale pazokha, zaposachedwa pazokha, muone ngati maparamita asuntha, ndipo asunthira kuti. Ndowa ya m'nthaka ikachepa, madzi othamanga pamwamba n'kuchuluka, yerekezani ndi zithunzi za setilaiti za Landsat muone ngati nthawi yake ikugwirizana ndi kutha kwa mitengo. Musathamangire kunena kuti ndi makala. Kusintha kwa rating curve, kapena choyezera mvula chimene chinatsekedwa pakati pa zakazo, kungasunthe maparamita mofananamo.

Funaninso mboni zina kupatula geji. Msinkhu wa madzi m'mijigo ndi m'zitsime umanena za ndowa ya pansi. Zithunzi za setilaiti za MODIS zimasonyeza mwezi umene masamba amabiriwira. Agogo a m'midzi yozungulira nkhalango amadziwa mwezi umene kamtsinje kakuti kankaphwa kale ndi mwezi umene kamaphwa lero, ndipo amayi olima m'madimba amadziwa sabata imene dambo limayamba kudikha madzi. Zimenezi sizilowa mu NSE, koma mu GLUE zimagwira ntchito ngati sefa: gulu la maparamita limene likuyendetsa madzi mu Okutobala pa kamtsinje kamene mudzi wonse ukuti kamauma mu Ogasiti, litayeni ngakhale chigoli chake chikhale chokwera.

Pa timitsinje topanda geji, monga tambiri totsikira mu Likuni ndi mu Diamphwe, mumabwereka maparamita kwa mtsinje woyandikana nawo wofanana nthaka, kutsetsereka ndi mitengo. Bwerekani magulu onse ovomerezeka, osati limodzi, ndipo yembekezerani lamba wotakata.

Ine ndikanapatsidwa ntchito ya madzi olowa m'damu lero, ndikanatenga GR4J kapena HBV, n'kuitchuna pamanja masiku angapo, n'kuthamangitsa SCE-UA kamodzi kuti ndione pamene denga lili, kenaka GLUE yokhala ndi malire ochokera ku rating curve. Ndikanabwereza zonsezo ndi mvula ya mitundu iwiri, ya zoyezera za pansi ndi ya CHIRPS yokonzedwa, chifukwa kusiyana kwa ziwirizo nthawi zambiri kumandiuza zambiri kuposa kusiyana kwa njira zotchunira. Funso likakhala la mitengo, monga kuti kubzalanso mbali yakuti kusintha chiyani, modelo ya ndowa zokhazokha siingayankhe, poti mulibe mtengo m'kati mwake. Pamenepo ndi SWAT yokonzedwa masamba ake, SUFI-2 yoyang'aniridwa, ndi kulemba poyera mu lipoti kuti yankho ndi la mbali imene zinthu zilowere, osati la malita.

Kenaka mudzakaima pamaso pa abwana, ndipo adzati, "Ine lamba wanuyo sindikumufuna, ndipatseni nambala imodzi." Afunseni kuti nambalayo akufuna achite nayo chiyani. Ngati ndi yodziwira kuti damu lifika nawo Novembala, apatseni ya pansi. Ngati ndi ya mlatho kapena kalavati, apatseni ya pamwamba, muwauzenso kuti kumtunda kwa rating curve n'kokokera. Akafunsa kuti lambayo angapapatize bwanji, musatchule pulogalamu ina. Tchulani zoyezera mvula zitatu kapena zinayi kumapiri, kachipangizo kolemba msinkhu wa madzi ola lililonse, ulendo wokayeza mtsinje utadzaza kuchokera pamlatho, ndi mayunitsi a wowerenga geji kuti m'mawa uliwonse azitumiza chithunzi cha ndodoyo pa WhatsApp, tsiku ndi nthawi zikuoneka.